Jekete la Damiyawo

Ndinanyamuka ku Moatize kusanache,
thukuta lili kale m'khosi,
fumbi la malasha lili m'mano.
M'chikwama munali jekete la Damiyawo,
nsapato zake za kumgodi zomangana zingwe,
ndi envulopu ya malipiro omaliza
imene kapitawo anandipatsa akuyang'ana kumbali.

Chapa inadzaza mpaka pakhomo.
Mayi wina anafungatira mtolo wa nsomba zouma za ku Chikowa,
fungo lake likanayenera kulipira mpando wakewake.
Milambe inatiperekeza, mikono ili m'mwamba,
kenako inatopa, inatsalira m'chigwa.

Pa Musakama tinakhota, msewu unaimirira.
Injini inatsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe,
makutu anga anatseka.
Wina anakoka zenera, wina anapempha kuti akokenso,
koma linali lotseka kale:
mphepo ya kuno sipempha odi.

Ine ndine mwana wa m'mbali mwa Zambezi.
Kwathu bulangete ndi mphatso ya ukwati
yosungidwa m'sutikesi mpaka njenjete zitalidya.
Damiyawo ankandiseka:
“Ukadzafika kwathu mwezi wa Meyi
udzaona mawu ako akutuluka utsi.”
Ndinkati ndi bodza la anthu a kumapiri.

Minda inali itavula.
Mikukwe ya chimanga inaima m'mizere ngati anthu a pamaliro,
mapichesi atathothoka masamba, nthambi zokhazokha,
udzu wa m'zitunda utasanduka ubweya wa mkango.
M'mphepete mwa msewu, matumba a kachewere
osokedwa zisoti pamwamba,
ana atakhalapo, manja ali m'khwapa.
Ngolo inatuluka m'nkhungu,
ng'ombe zikufuka m'mphuno,
nkhungu inaimezanso.

Ulongwe ndinaupeza ukudikira.
Ogula fodya anali asanafike,
nyumba zogona alendo zili pululu, makiyi onse pa msomali,
mnyamata akupaka laimu khoma la bala,
sikelo zitapachikidwa, zikuyeza mphepo.
Ndinamwa tiyi wa mametikali khumi
osati chifukwa cha ludzu,
ndinkafuna chogwira chofunda.

Wanjinga yamoto anandiyang'ana malaya.
“Ku Domwe? Chonchi? Mukafika muli mtembo.”
Anaseka. Ine sindinaseke.
Tinayenda pang'ono, mano akuwombana,
zala sizikumvanso chitsulo.
Pa mlatho wa matabwa ndinamugwira phewa, anaima.
Ndinamasula chikwama.

Ndikhululukire, m'bale.
Linandikwana ngati telala anayeza ine.
M'thumba munali chiphaso cha basi, chingwe cha foni,
ndi switi imodzi yomatirira ku pepala.
Kolala inkanunkhabe sopo wako wobiriwira uja.

Phiri la Domwe linatulukira madzulo,
mutu uli m'mitambo, mapewa ali ofiira ndi dzuwa,
lalikulu kuposa m'mene unkalinenera
usiku uja magetsi atazima ku kampu.
Unkati ukaliona umadziwa kuti wafika.
Ine nditaliona ndinafuna kubwerera.

Nyumba ya malata atsopano, theka lopanda pulasitala.
Nangozo ankapeta nyemba pabwalo.
Uthenga anaulandira kale pa foni, sabata yatha,
maliro anaikidwa iye asanapeze ya ulendo.
Koma mwana ndi mwana.
Telezinya anaona jekete lili patali,
lachikasu, mizere yake ikuwala,
anataya chitini cha madzi,
anathamanga, anathamanga,
mapazi osavala pa nthaka yozizira,
mpaka anafika poti n'kuona nkhope.

Anaima.

Ndinayamba kumasula zipi, inakana.
Ndinalimbana nayo pamaso pa mwanayo.
Nangozo anaika lichero pansi, anati,
“Lisiyeni, alamu. Kuno kumazizira.
Mudzavula mawa dzuwa likatuluka.”

Ndinagwada, ndinapisa m'thumba,
ndinapereka switi ija kwa mwini wake.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene ndinakonza njira yonse.
Panatuluka utsi.